Kalaliki wa m'Mutu ndi Fumbi la ku Chowa

Ndiyambe ndi kuulula cinthu cimene cimandicititsa manyazi. Pamene ndinali kuphunzitsa Sande Sukulu kwathu ku Chowa, m'kalasi mwanga munali mnyamata wa zaka 8 amene sanali kutha kuloweza vesi. Sabata ndi sabata anzake amaimirira ndi kunena vesi la pamtima, koma iye akaimirira amangochula mau atatu oyamba, nkuyamba kukanda m'mutu. Tsiku lina ndinamdzudzula pamaso pa anzake kuti ndi waulesi. Sanalire ai. Anangozyolika, ndipo Sabata lotsatira sanabwere. Nditapita kwao, amai ake anandiyalira mphasa, ndipo titapatsana moni anati, "Aphunzitsi, mwanayu amawerenga vesi lanu usiku uliwonse mpaka misozi. Kukaca, lonse lathawa. Anampima magazi ku kiliniki, akuti ali ndi mtovu wambiri."

Ndinabwerera kunyumba wopanda mau. Kucokera tsiku limenelo ndinayamba kufufuza mbiri ya zinthu ziwiri zimene poyamba sindinali kudziwa kuti zili pacibale: mgodi wa tauni yathu ya Kabwe, ndi kaciwalo kena kakang'ono ka mu ubongo kamene kamatithandiza kukumbukira.

Mgodi ndi cigaza

Tauni yathu inabadwa cifukwa ca mtovu. M'caka ca 1902 katswiri wa miyala dzina lake T. G. Davey anapeza miyala ya mtovu ndi zinki pa timapiri tina m'dziko la Alenje, ndipo malowo anawacha Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906, ndipo anthu anayamba kukhamukira kuno kudzafuna nchito: a ku Fort Jameson kumene lero timati ku Chipata, a ku Nyasaland, ndi a kumpoto kwa Abemba. Makolo a ambiri a ife anafika kuno mwa njira imeneyi. Dzina lakuti Kabwe linabwera mu 1966, titalandira kale ufulu.

Pa 17 Juni 1921, Mzungu wa ku Switzerland dzina lake Tom Zwiglaar, pamodzi ndi munthu wakuda amene anali kugwira naye nchito, anafukula cigaza ca munthu wakalekale m'phanga la mumgodimo. Cigazaco cinatumizidwa ku London, ku Natural History Museum, ndipo Boma la Zambia lakhala likupempha kwa zaka zambiri kuti cibwezedwe. Cimene mumaona ku miyuziyamu ya ku Lusaka ndi cofanizira cabe. Mu 2020 akatswiri analengeza kuti zaka zake ndi pafupifupi 300,000. Za zaka zimenezi mungathe kukambirana ndi abusa anu pa phunziro la Baibulo. Ine cimene cimandikhudza ndi cakuti dzina la Zwiglaar limachulidwa paliponse pamene nkhaniyi ikambidwa, koma mnzake uja amangochedwa "wanchito wakuda".

Komatu cigaza ndi cibade cabe. Zimene zinali m'kati mwake zinaola kale. Kuti tidziwe mmene kukumbukira kumagwirira nchito, tiyenera kucoka pa Kabwe pang'ono ndi kupita kutsidya kwa nyanja.

Munthu amene kalaliki wake anacotsedwa

Mu 1587 dokotala wa ku Italy, Julius Caesar Aranzi, anafotokoza za kaciwalo kopindika kamene kali m'kati mwenimweni mwa ubongo, molunjika ndi makutu, kamodzi kumanja kamodzi kumanzere. Kutalika kwake nkofanana ndi cala cacing'ono ca kudzanja. Iye anakacha hipokampasi, dzina la Cigriki la kansomba ka m'nyanja zamcere kamene mutu wake umafanana ndi wa kavalo. Panapita zaka zoposa 300 anthu osadziwa bwino nchito yake. Ambiri amayesa kuti nkothandiza kununkhiza.

Coonadi cinadziwika kupyolera m'tsoka la mnyamata wa msinkhu wathu. Henry Molaison wa ku Amerika anali kudwala khunyu koopsa kotero kuti analephera kugwira nchito. Mu 1953, ali ndi zaka 27, dokotala William Scoville wa mu mzinda wa Hartford anamcita opaleshoni nacotsa mbali yaikuru ya hipokampasi kumanja ndi kumanzere komwe, pamodzi ndi minofu ina yoyandikana nayo. Khunyu linacepa ndithu. Koma kuyambira tsiku lomwelo Henry sanathenso kusunga zinthu zatsopano. Amadziwa dzina lake, amadziwa makolo ake, amalankhula bwino, nzeru zake zinali zabwinobwino, ndipo za ubwana wake amazidziwa. Koma mukaceza naye nkuturuka panja kwa mphindi zocepa, pobwera amakupatsani moni ngati mlendo. Katswiri wina wamkazi, Brenda Milner, amacokera ku Montreal kudzampima kawirikawiri, koma nthawi iliyonse amayenera kudzichula dzina. Zimene anapeza, Scoville ndi Milner anazisindikiza mu 1957. Henry anakhala moyo wotere zaka 55, namwalira mu Disembala 2008 ali ndi zaka 82.

Milner anaona cinthu cinanso codabwitsa. Anampatsa Henry nchito yojambula nyenyezi akuyang'ana dzanja lake pa kalilole, nchito yobvuta kwa aliyense. Tsiku ndi tsiku dzanja lake limanka lizolowera mpaka anakhala katswiri, koma m'mawa uliwonse amanena kuti sanaicitepo nchitoyo. Apa panadziwika kuti kukumbukira kuli mitundumitundu. Luso la manja ndi miyendo, monga kupalasa njinga kapena kuomba ng'oma, lili ndi njira yakeyake mu ubongo. Koma zocitika za tsiku ndi tsiku, maina atsopano ndi maphunziro a m'kalasi zimadzera pa hipokampasi.

Tsono hipokampasi si nkhokwe ai, pakuti zakale za Henry sizinapite nayo. Ine ndimaifanizira ndi kalaliki wa pa cipata ca mgodi, amene amalemba aliyense wolowa. Zimene waona, wamva ndi kununkhiza pa nthawi imodzi, kalalikiyu amazimanga mtolo umodzi nkulemba kuti zinacitikira pati ndipo liti. Pambuyo pake, makamaka munthu ali m'tulo, amazibwerezabwereza mpaka zitakhazikika m'mbali zakunja za ubongo, kumene zimasungidwa zaka zambiri. Inu amene mumacezera usiku wonse ndi mabuku mayeso a Grade 12 ali mawa, dziwani kuti mukumana kalaliki wanu nthawi yake yolongedza. Mu 1971 John O'Keefe wa ku London anapezanso kuti mu hipokampasi ya makoswe muli maselo amene amagwira nchito pokhapokha khoswe akafika pa malo akutiakuti, ngati kuti m'mutu muli mapu. Cifukwa ca nchitoyi analandira mphoto ya Nobel mu 2014 pamodzi ndi May-Britt Moser ndi Edvard Moser a ku Norway.

M'mera m'poyamba

Kodi pali wina mwa inu amene akumbukira tsiku limene anayamba kuyenda? Palibe. Ambiri a ife zimene timakumbukira zimayambira pa zaka 3 kapena 4. Cimodzi mwa zifukwa zake ncakuti mwana akamabadwa, kalaliki wake amakhala asanakhwime. M'zaka zoyambirira maselo a mu hipokampasi amakhala ali pa kalikiliki kulumikizana, ndipo nchitoyi imapitirira mpaka pa unyamata. Nthawi yomweyi ndi imene mwana amakwawa m'fumbi ndi kuika m'kamwa ciliconse cimene watola.

Apa ndi pamene mbiri ziwiri zija zimakumana. Maselo a mu ubongo amafuna kashiamu, mcere uja umene umalimbitsanso mafupa, kuti alumikizane pamene munthu akuphunzira cinthu catsopano. Mtovu ukalowa m'thupi umanamizira kashiamu, ndipo umatseka tizipata timene kashiamu amalowera m'maselo. Pofufuza pa nyama, akatswiri aona kuti hipokampasi ndi amodzi mwa malo amene amabvulala kwambiri mwa njira imeneyi. Mtovu umaononganso mbali ya kutsogolo ya ubongo imene imathandiza munthu kuchera khutu ndi kudziletsa, ndiponso umacepetsa magazi ndi kubvulaza impso. Bungwe la World Health Organization limati mwana wamng'ono amayamwa mtovu kuwirikiza kanai kapena kasanu kuposa wamkuru, ndipo palibe muyeso wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosaopsa. Mwana wanjala, wosowa kashiamu ndi ayironi m'thupi, amayamwa woculuka koposa. Coipa cina ncakuti ana ambiri saoneka odwala. Amathamanga, amasewera mpira, koma m'kalasi amatsalira, ndipo ife aphunzitsi timathamangira kunena kuti ndi aulesi kapena mbuli.

Zimene madokotala a pamgodi anaona

Pamene Henry anali kucitidwa opaleshoni mu 1953, ng'anjo za ku Broken Hill zinali kufuka utsi usana ndi usiku. Mphepo ya kuno nthawi zambiri imaomba kulowera kumadzulo, motero utsi ndi fumbi zimagwera pa Kasanda, kumene anchito a mumgodi amakhala ndi mabanja ao, ndi pa Makululu. Ca m'ma 1969 ndi 1970, dokotala wa pamgodi, Ian Lawrence, anadabwa ndi imfa za ana aang'ono. Anapima magazi a ana pafupifupi 500, napeza kuti ambiri ali ndi mtovu wopitirira muyeso. Pambuyo pake dokotala wina, A. R. L. Clark, anapima mpweya, dothi, ndiwo zamasamba ndi magazi a ana m'makomboni ozungulira mgodi, ndipo zimene anapeza anazipereka ku sukulu ya udokotala ya ku London mu 1975. M'zaka zomwezo mabanja ena anasamutsidwa kucoka ku Kasanda kubwera ku nyumba zatsopano kuno ku Chowa, kum'mawa kwa mgodi, kumene utsi sunali kufika kwambiri.

Ganizirani zimenezi, abale. Chowa anali malo othawirako. Koma mtovu suyenda ndi mphepo yokha. Ngalande yaikuru yocotsa madzi ku mgodi imadutsa m'mbali mwa komboni yathu. Mvula ikaculuka imasefukira, ndipo matope ake akauma amasanduka fumbi limene limalowa m'mabwalo ndi m'nyumba. Ndani wa ife amene sanasewerepo m'mphepete mwa ngalandeyo?

Boma linatenga mgodi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kuyambira 1982 unali m'manja mwa ZCCM mpaka pamene unatsekedwa mu 1994. Nchito zinatha, koma phiri la zotsalira za mumgodi, limene timalicha Black Mountain, linatsala. Mtovu suola monga zinyalala zina. Umakhala m'dothi mibadwo ndi mibadwo. Mu 2006 bungwe la Blacksmith Institute la ku New York linaika Kabwe pa mndandanda wa malo 10 oipitsidwa kwambiri pa dziko lonse. Mu 2012 akatswiri a pa University of Zambia ndi a pa Hokkaido University ya ku Japan, pakati pao Dr. John Yabe, anapima magazi a ana 246 a zaka 7 kutsika pansi a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Mtovu m'magazi amauyesa ndi mamaikrogalamu pa desilita imodzi. Ukafika pa 5 madokotala amati pafunika kucitapo kanthu, ndipo pa 45 mwana amafunika mankhwala ocotsa mtovu. Ana onse 246 anapitirira 5. Pa avareji, a ku Chowa anali pa 39, a ku Makululu pa 57, a ku Kasanda pa 82, ndipo mwana mmodzi anapitirira 400. Apa nkuti mgodi utatsekedwa zaka 18 zapitazo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa anawa amene anaonapo utsi wa ng'anjo zija.

Zina zacitikapo. Mu 2015 bungwe la Pure Earth ndi anzao anakonza mabwalo a nyumba zina kuno ku Chowa pothirapo dothi labwino. Mu 2016 World Bank inabvomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yokonzera malo oipitsidwa ndi migodi m'Zambia, ndipo pa nchito imeneyi ana ambiri a mu Kabwe anapimidwa magazi, ena nalandira mankhwala. Koma mwana wolandira mankhwala akabwerera ku fumbi lomwe lija, mtovu umabwereranso. Bungwe la Human Rights Watch linadandaula za zimenezi mu 2019, ndipo mu 2025 linalembanso za magalimoto otuta zotsalira za mumgodi nkukaziunjika m'malo ena a m'tauni. Mu Okutobala 2020 maloya anakasuma kampani ya Anglo American South Africa ku khoti lalikuru la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amai pafupifupi 140,000 a mu Kabwe, ponena kuti inali ndi dzanja pa kayendetsedwe ka mgodi kuyambira 1925 mpaka 1974. Kampaniyo imakana, imati sinali mwini mgodi ndipo sinali kuuyendetsa. Mu Disembala 2023 khoti linakana kuti mlanduwo upitirire monga wa gulu, koma mu Epulo 2024 odandaula analoledwa kucita apilo. Ana amene anali kukwawa pamene mlanduwu unayamba, tsopano ali pa sukulu.

Pa ukuru ndi pa ukalamba

Ndisakutayitseni mtima, pakuti kalaliki uyu saleka kuphunzira. Ku London, munthu wofuna kuyendetsa takisi zakuda za mumzindamo amaloweza misewu pafupifupi 25,000, nchito ya zaka zitatu kapena zinai. Mu 2000 Eleanor Maguire anajambula ubongo wa madalaivala oterewa napeza kuti mbali yakumbuyo ya hipokampasi yao ndi yaikuru kuposa ya anthu ena. Mu 2011 iye ndi mnzake anaonetsa kuti kukulako kumabwera ndi maphunzirowo, pakuti amene anakhoza mayeso ndi amene ubongo wao unasintha.

Kwa ife a ku Chowa pali cina coti alongo athu acidziwe. Mtovu sukhalitsa m'magazi. Wambiri umakabisala m'mafupa, kumene ungakhale zaka makumimakumi. Mai akakhala ndi pakati thupi limatapa kashiamu m'mafupa kuti limange mwana, ndipo mtovu umaturukira limodzi nkufika kwa mwana asanabadwe. Ndiye cifukwa cake cizolowezi cija codya dothi pa nthawi ya pakati ncoopsa kwambiri kuno kwathu kuposa kwina.

Munthu akamakalamba hipokampasi imafota pang'onopang'ono, ndipo kuiwala kumene waika makiyi si matenda. Matenda enieni anafotokozedwa ndi dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, mu 1906, caka comwe njanji inafika pa Broken Hill. Matendawa amayambira pa hipokampasi ndi minofu yoizungulira. Ndiye cifukwa cake ambuya angathe kukusimbirani bwinobwino za ulendo wao wa pa sitima ali mtsikana, nayimba nyimbo ya m'buku mavesi onse osaphonya, koma nkumakana kuti adya nsima pamene mbale zikali pa mphasa. Zakale zili m'nkhokwe, koma kalaliki waleka kulemba. Mapu a m'mutu aja nawonso amafufutika, motero nkhalamba imaturuka usiku nkusocera, mwina nkupezeka m'mamawa pakhomo pa eni ake isanabvale bwino. Tonse tikudziwa zimene zimatsatira m'makomboni mwathu muno. Anthu amakuwa kuti mfiti yagwa, ndipo kawirikawiri oyamba kutola miyala ndi acinyamata. Ena mwa iwo amayimba kwaya pa Sabata. Salimo 71 ndi pemphero la munthu wokalamba amene akuopa kutayidwa mphamvu zake zikatha, ndipo ndikupempha magulu athu kuti aliwerenge pamodzi ndi nkhani ya Alzheimer. Pofufuza kwina ku Amerika mu 2011, okalamba 120 anagawidwa pawiri, ndipo amene amayenda ndawala katatu pa sabata kwa caka cathunthu hipokampasi yao inakula ndi 2 peresenti m'malo mofota. Kuperekeza ambuya ku chalichi wapansi ndi mankhwala ndithu.

Kubwerera ku Sande Sukulu

Sikuti mwana aliyense woiwala ali ndi mtovu. Njala, malungo, kusamva bwino ndi ndeu za m'nyumba zimasokonezanso maphunziro, ndipo coweruza ndi kupima magazi basi. Koma kuno ku Chowa, mwana akamatsalira m'kalasi, kupimitsa kuyenera kubwera ndodo isanabwere.

Mu 2003 Tomás Guilarte ndi anzake a pa Johns Hopkins University anapatsa mtovu ana a makoswe. Ena anawaika okhaokha m'zikwere zopanda kanthu, ena anawaika pamodzi ndi anzao m'zikwere zazikuru zokhala ndi zoseweretsa. Amene anakulira pagulu anatha kuphunzira njira monga makoswe abwinobwino, pamene osungulumwa aja analephera. Mwana si khoswe, ndipo masewera sacotsa mtovu m'mafupa, koma nditawerenga zimenezi ndinazitengera ku komiti ya acinyamata. Tinagwirizana zinthu zing'onozing'ono. Pabwalo la chalichi pamene ana amasewera tinadzalapo kapinga. M'kati timakolopa ndi nsanza yonyowa m'malo mosesa pouma, ndipo nsapato za ana zimatsala pakhomo. Pali ndowa ya madzi ndi sopo, ndipo palibe mwana amalandira citumbuwa asanasambe m'manja. Amai a cigwirizano amakumbutsana za kapenta, nyemba ndi mkaka kwa amene angakwanitse, ndi kutsuka bwino ndiwo zamasamba.

Mnyamata uja ndinakampepesa pamaso pa amai ake, ndipo anabwerera. Ndinasiya kumuimiritsa yekha. Vesi timalidula zidutswa zitatu, timaliika m'nyimbo, ana onse nkumaomba m'manja ndi kuponda pansi, ndipo timalibwereza Sabata zinai zotsatizana tisanayambe lina. Pofika pa Khrisimasi ya caka cimeneco anali ataloweza mavesi 5, pamene anzake anali ndi oposa 20. Pa sewero la kubadwa kwa Ambuye anali mmodzi wa abusa a nkhosa, ndipo mau ake anali mzere umodzi. Anaunena wonse. Amai ake akupitabe naye ku kiliniki kukapimitsa, ndipo pobwerera amadzera njira ya m'mbali mwa ngalande ija, pakuti ndiyo yofika kwao.